Mapepala M'malo mwa Sanda

Ndinadzuka kusanache, ngakhale kunena kuti ndinadzuka n'kudzikometsera, chifukwa sindinagone kwenikweni. Ndinangotsamira khoma la pakhonde nditafunda chikhoti cha malemu, ndipo nthawi ina ndinazindikira kuti zikiri ija, nyimbo zathu za pamaliro, yaleka. Amuna amene anachezera kuimba anali atagona mozungulira moto, mizuli yawo ya kumutu ataiphimba kumaso. Kunali kozizira, nyengo ya chisanu ili pakati, chifunga chochokera ku nyanja ya Chiuta chitakuta njanji yonse. M'nyumba amayi ankalira chapansipansi, wina akatopa mnzake n'kulandira, ngati anagawana mashifiti.

Amene tinkayembekezera kuika tsikulo anali amalume anga, mlongo wawo wa mayi anga. Anatisiya dzulo lake madzulo, Lachitatu, atangodandaula za pachifuwa masiku ochepa. Kwa ife Asilamu maliro sachedwa pakhomo. Ashehe anali atanena kale kuti tikaika ikangotha swala, pemphero la masana.

Ndiyenera kufotokoza ntchito ya amalume, apo ayi zotsatirazi sizimveka. Iwo anali mkonzi, mtolankhani, wosindikiza komanso wogulitsa wa nyuzipepala ya pa siteshoni pathu. Linali pepala limodzi, lolembedwa mbali zonse ziwiri, lotuluka Lachisanu lililonse. Dzina lolembedwa pamwamba linali Nkhani za Kuno, koma anthu ankaitchula kuti Tamva Kale, ndipo sankanama. Amalume ankataipa nkhanizo pa sitensulo, pepala lopyapyala laphula limene zilembo zimaboola, n'kulikulunga pa makina opukusa ndi dzanja amene anagula otha kale kwa azimishoni. Ine ndinali wachiwiri kwa mkonzi. Udindowu ndinaupeza nditabwerako ku koleji ku Zomba, kumene ndinaphunzira za chuma chaka chimodzi, kufikira pamene ine ndi aphunzitsi tinagwirizana kuti zimene ndadziwazo zakwana. Ntchito ya wachiwiri kwa mkonzi inali kupukusa. Amalume ankanditchula Pulofesa, mudzi wonse n'kutengera.

Nyuzipepalayi inkapuma ndi mapapo awiri, onse odwala. Loyamba linali mauthenga. Wina mbuzi yasowa, wina akulengeza tsiku la sadaka yokumbukira malemu, telala watsopano wafika, mtengo wa matemba padooko wasintha. Mwini uthenga ankalipira chimene ali nacho: mazira, mbale ya mpunga, mlamba wouma. Lamulo la amalume linali limodzi, loti uthenga sulowa ulere, ngakhale wa m'bale. Vuto linali loti wogulitsa mapepala ndi inki ku Balaka sankalandira mlamba. Phapo lachiwiri linali amayi ogulitsa nsomba, amene ankagula nyuzipepala zambiri Lachisanu m'mawa asanakwere sitima. Ambiri a iwo sankadziwa kuwerenga. Ankagulira kukulungira matemba.

Izi zinali m'zaka zija za chipani chimodzi, ndipo nyuzipepala iliyonse inkayenera kuyamba ndi mawu otamanda mwini dziko. Koma kukulunga nsomba m'dzina la mwini dziko kunali kudziitanira galimoto pakhomo. Amalume anaiganiza nkhaniyi mozama. Anaika matamandowo m'kamzere ka pamwamba penipeni, ndipo telala ankadutsitsa mapepala onse pa makina ake opanda ulusi, kuti kamzereko kazing'ambika bwino. Amayi aja ankang'amba timizereto n'kumatisunga m'nyumba mwaulemu, ena m'chitini, ena pansi pa mphasa. Sindikudziwa ngati linalipo dera lina m'dziko muno limene linasunga matamando mosamala chotero.

Amalume ankanena kawirikawiri kuti nyuzipepala ngati yathu ikaphonya Lachisanu limodzi ndiye kuti yafa, chifukwa amayi a nsomba adzazolowera mapepala a matumba a simenti, ndipo sadzabweranso. Sanaphonyepo. Sitensulo ya sabata imeneyo anali ataitaipa kale, tcheyamani wa chipani wa kwathu ataiwerenga n'kuivomereza monga mwa masiku onse. Inali itakulungidwa pa makina m'kachipinda ka kuseri. Lachinayi linali tsiku lopukusa, ndipo tsikuli linali Lachinayi. Ndinaziganizira zimenezi ndili pakhonde paja, osamva kanthu, ngati mmene munthu amaganizira za mtengo wa sopo.

Kutayamba kuyera, azakhali, akazi awo a amalume, anatuma mayi wina kudzandiitana. Ashehe ankafuna sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro, kuti ayambe kuidula. Apa panalibe chodetsa nkhawa. Amalume anagula sanda yawo kalekale, monga amachitira akuluakulu ambiri kwathu, ndipo ankaisunga m'sutikesi pansi pa bedi. Chaka ndi chaka ankaitulutsa n'kuiyanika padzuwa kuti njenjete zisaidye, akuuza aliyense wodutsa kuti suti yawo yomaliza ndi imeneyo. Mudzi wonse unkaidziwa sandayo.

Ndinakoka sutikesi. Inali yolemera kuposa nsalu. Nditatsegula ndinapeza mabandulo awiri a mapepala oyera, osamasula, ndi chubu cha inki chitagona pakati pawo.

Tinayang'ana tonse atatu, ine, azakhali ndi ashehe amene anaima pakhomo la chipinda. Ndinatulutsa mabandulowo n'kupapasa pansi pa sutikesi, ngati kuti nsalu yotalika chotero ingabisale pakona. Munalibe.

Azakhali analankhula m'Chiyao, mawu ali phee. Anati mwezi wathawo amalume anapita ku Balaka ndi sutikesiyo, akuti loko yake yavuta. Anabwerako akudandaula kuti mapepala akwera mtengo, koma nkhope ili yosangalala.

"Ndinadabwa ine," anatero. "Munthu kukakonzetsa loko n'kubwera akuimba mluzu."

Ashehe anakanda ndevu. "Iyayi, pepala ndi loyera ndithu," anatero, "koma mabuku sanatilole."

Palibe anaseka. Sindikudziwa ngati ankafuna kuti tiseke.

Ndalama m'nyumbamo munalibe, zimene sizinadabwitse aliyense wodziwa ntchito yathu. Chipepeso chinali chisanayambe kubwera, ndipo kochepa kamene kanaponyedwa usiku kanali katapita kale ku nkhuni ndi masamba a tiyi. Nsalu ya bafuta inkapezeka malo amodzi okha pa siteshoni ponse, m'golosale ya tsidya la njanji. Mwini wake anali pabwalo pomwepo, mmodzi wa ogona pamoto aja. Ndinamudzutsa pomugwedeza phazi, tinapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamufotokozera.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanali munthu woipa. Anali atachezera usiku wonse kuimbira mnzake.

"Bafuta alipo, Pulofesa," anatero. "Koma sanda yangongole iyayi. Munthu asapite atavala ngongole pathupi, akafika uko akayankha chiyani? Ndipo ndikangopereka ulere, malume ako amene ndimawadziwa ine adzuka pamphasapo. Anandilipiritsa uthenga wa maliro a mayi anga amene, ine mnzawo."

Ndinatchula makina. Anapukusa mutu, nati makinawo apita nawo kuti, kodi amagaya chimanga? Kenako anafunsa kuti mapepalawo ndi ochuluka bwanji. Nditamuuza, maso ake anatseguka pang'ono.

"Osalemba kalikonse?"

"Osalemba."

"Amenewo ndiye abwino. Olemba anu aja amadetsa mchere, amayi amadandaula. Oyera ndimagula pamtengo wabwinopo."

Ndinaima chilili kuseri kwa nkhokweko. Chaka chonse cha ku Zomba sindinamvepo phunziro la chuma lomveka bwino ngati limeneli. Zaka zonsezo ine ndi amalume tinkagula pepala, n'kulitaipira, n'kulipaka inki, n'kulipukusa mpaka phewa kuwawa, ndipo zotsatira za khama lathu zinali kulitsitsa mtengo.

Ndinabwerera m'nyumba kukauza azakhali. Anangofunsa kuti, "Onse awiri?" Ndinati onse awiri. Anayang'ana chitseko cha kachipinda ka makina, kenako anayang'ana pamene panagona amuna awo, n'kugwedeza mutu.

Ndinasenza mabandulowo pamutu, nditawaphimba ndi chikhoti chifukwa kunayamba kuwaza kamvula ka chiperoni. Ndinadutsa amayi amene ankasonkha moto kuseri kwa nyumba ya aneba, ena akutsuka mpunga, ena akusankha nandolo, utsi ukukana kukwera chifukwa cha chinyezi. Ndinadutsa anyamata ochokera kumanda kudzatenga khasu lina, matope ali m'maondo. Aliyense ankandipatsa njira. Ndikuganiza kuti ankayesa kuti ndanyamula chinthu cha chipembedzo. Ndinawoloka njanji. Mwini golosale anatsegula chitseko chimodzi chokha, anayeza bafuta ndi mkono kuchokera pamphuno, anawonjezera pang'ono, ndipo anang'amba. Inki anaikana, nati alibe nayo ntchito. Ndinabwerera nayo m'thumba la chikhoti, nsalu ili m'khwapa.

Posambitsa maliro ndinalowa nawo, monga mwana wa mlongo wawo. Ntchito yanga inali kuthira madzi. Tinali amuna ochepa kuseri kwa mpanda wa mphasa, ashehe akutsogolera. Zonse zinayenda mwadongosolo mpaka tinafika pa manja. Zala za amalume zinali zakuda ndi inki, m'zikhadabo ndi m'mizere ya chikhatho, inki ya zaka zambiri. Mkulu wina anapaka sopo kawiri, katatu. Anafunsa chonong'ona ngati pali palafini. Ashehe anagwira dzanjalo, analitembenuza, analiyang'ana.

"Asiyeni," anatero. "Si litsiro limenelo."

Tinawakulunga mu nsalu zitatu, n'kumanga kumutu, pakati ndi kumapazi. Sandayo inakwana bwino. Inali yatsopano, ikununkhabe m'sitolo, fungo la sopo ndi palafini.

Dzuwa silinatuluke tsiku lonselo. Cha m'ma teni sitima inaima, ndipo anthu anatsika ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Amayi a nsomba anabwera gulu limodzi, opanda madengu, ndipo ndinavutika kuwazindikira chifukwa sindinawaonepo mitu ili yopanda katundu. Anayamba kulira atangowoloka njanji. Asodzi a ku Chiuta anabwera pa njinga, ena wapansi, miyendo ili mbuu. Kunabweranso anthu a ku Mposa, abale a azakhali. Koma analiponso ena ovala nsapato amene sindinawadziwe. Mmodzi, bambo wa jekete lotuwa, anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anati kwawo ndi konkuno koma amagwira ntchito ku Balaka, ndipo Loweruka lililonse amagula matemba kwa mayi yemweyo pamsika, n'kumuuza kuti akulungire m'pepala la sabata ino, osati lakale. Imfa ya mphunzitsi wake wa kumadrasa anaimvera pamenepo, akumasula ndiwo. Anati kunyumba kwake pepalalo amaliyanika kaye pawindo, kenako limazungulira mzere wonse wa nyumba.

Ndinamuthokoza. Ndinaganiza zomufunsa ngati pa zaka zonsezo anagulapo nyuzipepalayo yokha popanda matemba, koma yankho ndinkalidziwa.

Amayi ofika ankayamba apatukira kugolosale, monga mwa chizolowezi, kukagula kamchere, kashuga kapena masamba a tiyi koti akapereke m'nyumba ya maliro. Ndinkawaona akuwoloka njanji ndi timapukusi m'manja, akulowa nato kwa azakhali. Ndinkangoona, monga ndinkaonera china chilichonse tsikulo.

Ndinakhala pa benchi pafupi ndi mbale ya chipepeso, pamalo pamene anandiika. Anthu ankabwera, kugwada pang'ono, kupepesa, kuponya kanthu, kupita. Ena sankapita msanga. Mkulu wina wa mano awiri, amene mbuzi yake yaikazi inasowa sabata yathayo, anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Pepani, a Pulofesa. Zatigwera tonse. Mulungu ndiye mwini." Anaweramira kukhutu kwanga. "Koma mbuzi ija inalowa?"

Ndinamuuza kuti inalowa, ili pa sitensulo.

"Ya banga pamphumi?"

"Ya banga pamphumi."

Anapita akuoneka wotonthozedwa kuposa ine. Pambuyo pake panabwera mayi wa sadaka ya amuna ake, kenako telala, kenako wokonza njinga. Onse anapepesa moona mtima, ndipo onse anafunsa. Sindinauze aliyense kuti mapepala kulibe.

Itatha swala ya masana tinatulutsa maliro. Tcheyamani wa chipani anapempha kulankhula, ndipo pa masiku amenewo pempho lotere silinkakhala pempho. Anati malemu anali munthu womvera, amene nyuzipepala yake sinavutitsepo boma ngakhale tsiku limodzi. Anati iye mwini ankaiwerenga isanatuluke ndipo sanapezemo kanthu. Ndikukhulupirira kuti ankatamanda. Kenako anakumbutsa anthu za makhadi a chipani a chaka chimenecho, kuti ena akuzengereza, ndipo mbali imeneyi inatalika kuposa yoyamba ija. Kamvula kankawaza. Anthu anaweramitsa mitu, ndipo sizinkadziwika ngati n'chisoni kapena makhadi.

Tinaswalira maliro titaima m'mizere pabwalo. Kenako jeneza, chonyamulira maliro chija, linakwera pamapewa. Amayi anatsala pakhomo, kulira kwawo kunakwera kamodzi n'kuyamba kutsalira m'mbuyo. Kwathu jeneza silichedwa paphewa la munthu mmodzi. Umanyamula pang'ono, wina n'kukulanda, iwe n'kuthamangira kutsogolo kukadikiranso, ndipo limayenda mofulumira ngati likuyandama pamwamba pa mizuli. Linandipeza kangapo. Linali lopepuka. Tinadutsa pa golosale, pomwe mwini wake anali atatseka n'kudzalowa mumzere. Tinadutsa pansi pa mtengo wa mango pamene amalume ankakhala Lachisanu lililonse ndi mulu wa nyuzipepala atautsamiza mwala. Mwalawo unali pomwepo.

Kumanda dothi linali lonyowa, lomata kumapazi. Ndinatsikira m'dzenje ndi amuna ena awiri, tinawalandira, tinawagoneka m'kachipinda ka m'mbali atayang'ana kumene timayang'ana poswali. Ndinamasula mfundo za sanda monga ashehe anandiuzira. Bafuta uja anali atadetsedwa kale ndi dothi pakona. Ndinatuluka wina atandikoka dzanja.

Tisanafotsere, ashehe anafunsa funso limene limafunsidwa pa maliro alionse. Anati ngati alipo amene malemu anali naye ngongole anene pano, kuti abale asenze, munthu apite wopepuka. Nthawi zambiri pamakhala chete, ndipo ashehe amapitiriza. Panakhaladi chete. Kenako wina anatsokomola kumbuyo.

Anali mkulu wa mbuzi uja. Anati iye sakufuna kuvutitsa, ndipo si ngongole kwenikweni, koma poti ashehe afunsa pamaso pa Mulungu, iye anapereka mazira kuti uthenga wake utuluke mawa. Wokonza njinga anati nayenso anapereka. Mlamu wake wa mayi wa sadaka uja anati mbale ya mpunga inapita. Mawu ankatuluka uku ndi uku, mwamanyazi, anthu akuyang'ana pansi. Panalibe amene ankafuna mazira ake. Ankafuna kuti mnzawo asapite ndi katundu.

Ashehe anatembenukira kwa ine. Kwathu katundu wa malume, wabwino ndi woipa yemwe, amagwera mwana wa mlongo. Iwo ankadziwa bwino lomwe kumene mapepala anapita, poti nsalu anadula okha. Anandiyang'anabe.

"Ndasenza ine," ndinatero.

"Mwamva nonse," anatero ashehe. "Wasenza Pulofesa."

Ndipo makasu anayamba. Ndinaponya dothi langa katatu, n'kuima pambali. Ndinaganiza za Balaka, kuti sitima yopita kumeneko inali itadutsa kale, ndipo ngakhale ikanakhalapo, chipepeso chonse chinali chitalonjezedwa kale ku mpunga wodyetsa anthu amenewa. Ndinaganiza za mabandulo aja ali pa shelefu ya golosale. Ndinalonjeza pamaso pa manda chinthu chimene ndinalibe, ndipo ngakhale zimenezo sizinandilowe mumtima. Ndinkangomva kuti nsapato yanga yakumanzere ikulowa madzi.

Titabwerera anthu anadya, anasamba m'manja, anayamba kutsanzika. A pa njinga ananyamuka msanga kuopa mdima. Amayi a nsomba anapita kukagona kwa abale pafupi ndi siteshoni. Mmodzi wa iwo, wamkulu pa onse, anandiimitsa pa mpanda. Anati mawa m'mawa adzadutsa pa mango paja ngati kale. Akapeza palibe, amvetsa, ndipo pali mnyamata wina wa ku Ntaja amene wakhala akuwanyengerera ndi mapepala a simenti. Sananene moopseza. Ankangondidziwitsa za msika.

Pofika madzulo pabwalo panatsala mabenchi a kumzikiti, phulusa lonyowa ndi agalu. Abale ogona anasamukira kwa aneba kumene kunali moto. Kamvula kanaleka. Nditaswali swala ya kulowa kwa dzuwa ndinalowa m'nyumba kukabweza chikhoti pa msomali wake.

M'nyumba munali zii. Mphasa imene anagonapo amalume inali itapindidwa n'kuimikidwa pakona. Azakhali anali okha pansi, nyali ya koloboyi ili pambali, patsogolo pawo pali mabeseni awiri ndi mulu wa timapukusi tija anabweretsa amayi. Ankamasula kamodzikamodzi. Mchere ankathira m'beseni ili, shuga m'beseni ilo. Akatha, pepala lokulungira ankalikung'untha, n'kuliyala pabondo, n'kulisalaza ndi chikhatho, n'kuliika pambali. Mulu wa pambaliwo unali utakwera ndithu.

Ndinatola limodzi. Linali loyera mbali zonse ziwiri, lokwinyika, lokhakhala ndi mchere. Mwini golosale sanachedwe kuyamba kugwiritsa ntchito katundu wake watsopano, ndipo tsiku limenelo makasitomala ake onse ankapita nyumba imodzi.

"Simbi ili kuseriko," anatero azakhali osadzutsa mutu. "Makala akadalipo pamoto wa aneba."

Ndinakatenga makala. Ndinayala bulangete patebulo n'kuyamba kusita mapepala, limodzi limodzi. A mchere ankasitika bwino. A shuga ankamata kusimbi n'kusiya mabanga ofiirira, ndipo m'nyumba munayamba kununkha ngati maswiti opserera. Ena anali ong'ambika, ndinawataya. Otsalawo sanafike ngakhale theka la bandulo limodzi. Koma analipo okwana kuti aliyense wopereka mazira aone uthenga wake, ndi kuti amayi a nsomba asapeze mwala wokha pansi pa mango. Za Lachisanu linalo sindinaziganize. Sizinali m'gulu la zimene ndinasenza kumanda.

Ndinalowa m'kachipinda ka makina, azakhali akundiunikira. Sitensulo inali pomwe anaisiya mwini wake. Ndinaiwerenga pa kuwala kwa nyali. Matamando pamwamba. Mtengo wa matemba. Mbuzi ya banga pamphumi. Pansi penipeni, kudzanja lamanja, panali malo opanda kanthu amene amalume ankasiya sabata iliyonse kudikira uthenga wobwera mochedwa.

"Za iwowo zilimo?" anafunsa azakhali.

Ndinati mulibe. Amalume anataipa asanadziwe.

"Ikanimo."

Kuwonjezera mawu pa sitensulo imene tcheyamani wawerenga kale unali mlandu. Ndinaiganizira nkhaniyi monga wachiwiri kwa mkonzi, ndipo ndinaona kuti poti tcheyamaniyo analankhula yekha pamaliro, imfayi inali yovomerezeka ndi chipani. Ndinatenga cholembera chachitsulo chimene amalume ankajambulira mizere. Azakhali ananena mawu, ine ndikukanda paphula pang'onopang'ono: dzina lawo, mudzi wawo, kuti anatisiya Lachitatu ndipo taika Lachinayi, kuti tsiku la sadaka tidzalengeza. Ndinafunsa ngati tiwonjezere kuti anali mkonzi. Anati aliyense akudziwa.

Ndikufinya inki, azakhali anatuluka. Anabwera ndi kambale ka mchere, kodzaza, n'kukaika patebulo pambali pa makina, pamalo pamene pankaikidwa mazira ndi milamba.

"Azakhali, n'chiyani chimenechi?"

"Uthenga sulowa ulere," anatero.

Sindinatsutse. Ndinalandira m'dzina la kampani.

Ndinagwira chopukusira. Makina analira monga amalirira, kulira kwa chitseko chakale, ndipo m'nyumba yachete ija phokosolo linamveka lalikulu. Pepala loyamba linatuluka lakuda lonse, lachiwiri losaoneka bwino. Lachitatu linatuluka lowerengeka, zilembo zikudumpha pang'ono pamene panali makwinya. Ndinalipereka kwa azakhali. Analigwira m'mphepete, n'kuliyandikiza kunyali. Iwo sanapiteko kusukulu.

"Dzina lawo lili pati?"

Ndinawalozera. Anaika chala pamenepo, n'kuchisiya kanthawi. Inki inali isanaume. Atachotsa, nsonga ya chala inali yakuda. Anachiyang'ana, osachipukuta, ndipo anakhala pansi pafupi ndi chitseko, manja ali pamiyendo.

Ine ndinapitiriza kupukusa.